Mabushi a pakati pa bodi ndi chasisi atha, ndiyambire pati?

Kadzidzi88
Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru pa pikapu ya double cab ya dizilo. Ikadutsa pa bampu kapena pamsewu wokumbikakumbika, pansi pa mpando wakumbuyo pakumveka gu! gu! mbali ya dalaivala. Chitseko chakumbuyo cha mbali yomweyo chayamba kukhula m'munsi, sichikutsekeka mpaka uchimenyetse. Pansi pake mabushi amene bodi imakhalirapo pa chasisi ang'ambikang'ambika, imodzi yaphwatalala ndipo rabala wake akuyoyoka ukamukanda ndi chala. Ndisinthe yowonongekayo yokha kapena onse? Ntchitoyi imatheka osachotsa bodi? Nanga jeke wamba ikwanira?

Sipanala17
Onse achimwene. Mukaika imodzi yatsopano pakati pa akale, imakhala yayitali kuposa anzake, kulemera konse kumathera pa iyo, bodi imapendekeka ndipo bushiyo siichedwa kutha. Ngati simungathe onse nthawi imodzi, sinthani awiriawiri, kumanja ndi kumanzere pamalo ofanana.

MakanikoWakale
Musanagule kanthu tsimikizani kaye kuti phokosolo likuchokeradi pamenepo. Imikani galimoto pamalo osapendekeka. Ikani thabwa pamwamba pa jeke, mukankhe bodi pang'onopang'ono pafupi ndi bushi imene mukuikayikirayo, wina akuyang'ana ndi tochi. Bodi ikayamba kukwera yokha, chasisi ili phee, ndiye kuti rabala watha kapena bawuti yamasuka. Kenako tengani tepi muyeze mpata wa pakati pa chasisi ndi bodi pa bushi iliyonse, mbali zonse ziwiri, mulembe papepala. Mbali ziwirizo zikasiyana ndi mamilimita 5 kapena kuposa, bodi yakhala kale mopendekeka, n'chifukwa chake chitseko chikukhula. Imaninso kumbali muone mzere wa bodi pamene kebini ikumana ndi chibokosi chakumbuyo. Chibokosicho pa mapikapu ambiri chimamangidwa mwachindunji pa chasisi, sichitsika. Chimene chimatsika ndi kebini.

Werengani mabushi anu. Ma double cab ambiri ali ndi 6 kapena 8, kuphatikizapo awiri akutsogolo pansi pa chitsulo chogwira rediyeta, amene anthu amaiwala. Malo aliwonse ali ndi rabala wapamwamba amene amasenza bodi, rabala wapansi amene amaletsa bodi kudumpha, kapaipi kachitsulo ka pakati, mawasha akuluakulu ndi bawuti.

Jeke3Tani
Bodi simuchotsa ayi. Mumaikweza mbali imodzi, masentimita 3 mpaka 5 basi, malinga bushi ituluke. Jeke ya botolo kapena ya matayala ikwanira, chifukwa simukunyamula injini kapena chasisi. Koma thabwa likhale lochindikala ndi lalitali, mwina masentimita 60, kuti kulemera kugawikane. Jeke yokha pa lata la bodi imaboola kapena kupinda.

Kadzidzi88
Zikomo. Ndiye ndingomasula mbali imodziyo, inayo osaikhudza?

MakanikoWakale
Ayi, inayonso muikhudze. Ndilongosole bwinobwino, chifukwa ntchitoyi kuvuta kwake si rabala, ndi mabawuti.

Yambani masiku atatu kapena anayi ntchito isanachitike. Tsukani matope pansi, mupopere mafuta omasula dzimbiri pa bawuti iliyonse m'mawa ndi madzulo. Popera pamutu pa bawuti pokha sipathandiza. Mafutawo afike pa mazinga, kumene kuli nati. Pa magalimoto ena bawuti imalowera m'kati mwa kebini, mumachotsa kapeti ndi kachivundikiro ka rabala, nati n'kukhala pansi poonekera. Amenewo ndi osavuta. Pa ena bawuti imalowera pansi kupita m'mwamba, nati ili m'kakhola kachitsulo kowotcherera m'kati mwa bodi, simuiona. Pamenepo funani kabowo kolowetsera kapaipi ka chitini chopopera.

Tsiku la ntchito, tchingani matayala kutsogolo ndi kumbuyo, chotsani waya wa negative pa batire. Jambulani ndi choko kapena penti pamene bushi iliyonse yakhala, pa bodi ndi pa chasisi. Masulani mabawuti onse a mbali zonse ziwiri. A mbali imene simukuyambira muwamasule maulendo anayi kapena asanu, osawachotsa. Amenewo ndiwo agwire bodi kuti isasunthe, komanso amaipatsa mpata wopendekeka. Mukawasiya omangika, mukamakweza mbali inayo bodi imapotoka, galasi lakutsogolo likhoza kung'aluka. A mbali imene mukuyambira muwachotseretu.

Musanapope jeke, yenderani zonse zimene zimalumikiza bodi ndi chasisi. Chivundikiro cha fani chili pa rediyeta, rediyeta ili pa bodi, koma fani ili pa injini, injini ili pa chasisi. Mukakweza bodi chivundikirocho chimakanikiza mapiko a fani, choncho chimasuleni. Onani mapaipi a rediyeta, mapaipi a buleki otsika kuchokera pa master cylinder, paipi ya kilatchi, waya wa hendibuleki, mawaya a earth, mapaipi a AC, ndodo ya chiwongolero, ndi bampala ngati yagwira ku bodi. Masulani timabulaketi togwira mapaipi a buleki kuti akhale ndi mpata. Kwezani pang'ono, imani, yang'anani, kwezaninso. Chilichonse chikayamba kukokeka, lekani pomwepo.

Bodi ikakwera, lowetsani chipika cha mtengo pakati pa bodi ndi chasisi musanafikitse dzanja. Zala zisalowe pamenepo bodi ili pa jeke yokha. Ndikubwereza dala. Bushi yakale muikoke ndi pulayala kapena muikankhe ndi chitsulo.

Mayi_Dizilo
Ndiwonjezere pa zimene anena a Makaniko. Zitseko zonse zikhale zotseka pamene mukukweza, zimathandiza kebini kusapotoka. Chiwongolero chikhale chowongoka ndipo ngati mwamasula ndodo yake, chimangeni ndi lamba kuti chisazungulire, chifukwa m'kati mwake muli waya wopombedzana wa airbag ndi hutala amene amaduka chikazungulira chokha. Ikani chizindikiro pa ndodoyo musanaimasule kuti ibwerere pa mano omwewo. Ngati ndi ya 4x4 yokhala ndi giya yaing'ono pansi, onaninso rabala wovundikira magiya onse awiri asang'ambike.

ImpactBasi
Masiku anayi kupopera mafuta? Impact wrench, makina omasula mabawuti mogunda, imatulutsa mabawuti amenewo mphindi khumi onse. Kugunda kwake ndi kumene kumaswa dzimbiri. Ndi dzanja ndi pamene bawuti imapotoka n'kuthyoka.

Sipanala17
Pa nati yoonekera, inde. Pa nati ya m'kakhola, impact ndi imene imathyola kakholako.

ImpactBasi
Kakhola kodyeka ndi dzimbiri kathyoka ndithu, kaya ndi dzanja kaya ndi makina.

ChitsuloChamoto
Nonse muli ndi mbali yoona, koma kusiyana kwake n'kwakuti ndi dzanja mumamva zimene zikuchitika. Gwiritsani soketi ya makona 6, osati 12, ndi chogwirira chachitali. Bawuti ikangosuntha, musapitirize kumasula mpaka mapeto. Masulani theka la ulendo, bwezani kumanga kotala, poperani mafuta, masulaninso. Kumapeto kwa bawuti kumene kwatulukira kuseri kwa nati ndi kumene kuli dzimbiri lambiri, ndipo mazinga adzimbiriwo ayenera kudutsa m'nati. Mukawakakamiza ulendo umodzi amadzaza nati, bawuti imalimba kuposa poyamba, kakhola n'kutseguka. Impact siikuuzani kuti yalimba, imangopitiriza.

Chinanso, mabawuti ambiri a pamenepa amabwera kufakitale atapakidwa guluu womanga mazinga. Mafuta opopera samusungunula guluu ameneyu, amagonja ndi kutentha. Guluu wofiira amafuna madigiri a Celsius pafupifupi 250. Tenthetsani mutu wa bawuti kuti kutentha kuyende m'chitsulo mpaka ku nati. Koma chenjerani kwambiri. Rabala wakale amayaka, pamwamba pake pali kapeti, ndipo mabushi akumbuyo ali pafupi ndi thanki ndi mapaipi a mafuta. Chotsani kapeti, khalani ndi chozimitsira moto pafupi, wina akhale m'kebini akuyang'ana. Amene ali ndi induction heater, makina otenthetsa chitsulo ndi magetsi, agwiritse imeneyo, ilibe lawi.

Nati_ndi_Bawuti
Pepani ndilowerere pang'ono. Yanga ikumveka phokoso lofanana ndi limeneli kumbuyo, koma mabushi a bodi akuoneka abwino. Chingakhale chiyani?

Jeke3Tani
Onani mabushi a masipuling'i akumbuyo, pa diso lakutsogolo ndi pa shackle. Onaninso mabushi a shock absorber, ma U-bolt, ndi tayala la sipeya ngati tcheni chake chamasuka. Tayala la sipeya limanamiza anthu ambiri.

Mayi_Dizilo
Onaninso mabawuti a chibokosi chakumbuyo. Imodzi ikamasuka imalira ngati bushi yatha. Kusiyanitsa kwake, phokoso la masipuling'i limasintha mukanyamula katundu, nthawi zambiri limachepa. La mabushi a kebini silisamala za katundu wakumbuyo, ndipo limamveka kwambiri galimoto ikamapotoka, monga polowa mopingasa pamalo okwera.

Nati_ndi_Bawuti
Ndiyamba ndi tayala la sipeya. Nanga poti bodi ikhala itakwezedwa kale, munthu sangaikemo zokwezera za masentimita 5 kuti matayala aakulu alowe?

Sipanala17
Imeneyo ndi ntchito ina achimwene. Imafuna mabawuti aatali, kuwonjezera ndodo ya chiwongolero, kutsitsa rediyeta, kusuntha mabampala, ndipo galimoto imayamba kuyendera m'mwamba. Tsegulani mutu wake pawokha, pano timuthandize kaye mwini funso.

Kadzidzi88
Zikomo a Sipanala. Funso lina. Ndapeza mitundu iwiri, a rabala ndi ena ofiira a polyurethane, pulasitiki wonga rabala. Ndigule ati?

PolyWanga
Polyurethane. Saola ndi oilo kapena dizilo, saphwatalala msanga, mumaika kamodzi. Rabala akangodonthedwa ndi oilo wa injini kapena wa power steering amafufuma n'kufewa. N'chifukwa chake mabushi akutsogolo ndi amene amayamba kutha pa injini yodontha.

Mayi_Dizilo
Zoti saola n'zoona, koma munene zonse bambo. Polyurethane ndi wolimba, ndiye kunjenjemera kwa injini ya dizilo ndi kwa msewu kumalowa m'kebini. Mumakumva pa chiwongolero, pa mpando, pa dashibodi. Ntchito ya bushi imeneyi ndi kumeza kunjenjemerako. Komanso chasisi ya pikapu imapotoka pamsewu woipa, idapangidwa choncho. Rabala amalola kupotokako. Bushi ikalimba kwambiri, mphamvu imeneyo imapita pa lata la bodi, ndipo pa bodi yakale ming'alu imayamba kuzungulira pa bushi. Pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku ndi anthu, ine ndimalangiza rabala.

PolyWanga
Ming'alu imabwera pa bodi yodyeka kale ndi dzimbiri. Pa bodi yabwino palibe vuto. Ndipo rabala wotchipa wa masiku ano amang'ambika msanga kuposa wa kufakitale.

Mayi_Dizilo
Pamenepo tagwirizana. Rabala wosadziwika kochokera ndi woipa kuposa zonse ziwiri.

MakanikoWakale
Chimene mungasankhe, dziwani izi. Polyurethane amafuna girizi wa silicone mbali zonse zokhudza chitsulo, apo ayi amalira tswii tswii pa bampu iliyonse. Rabala safuna girizi wamba ngakhale pang'ono, girizi wa oilo amamudya. Ikavuta kulowa, madzi a sopo akwanira. Maseti ambiri a polyurethane amabwera opanda zitsulo, amayembekezera kuti mugwiritsa mawasha ndi timapaipi takale. Ngati zanu zadyeka mudzaima pakati pa ntchito bodi ili m'mwamba. Tsegulani bokosi muone musanayambe.

Mabushi sali ofanana onse. Akutsogolo, apakati ndi akumbuyo amasiyana kutalika ndi kulimba, ena ali ndi nambala kapena kadontho ka penti. Yalani atsopano pansi motsatira malo ake, ndipo yakale iliyonse ikatuluka muiyerekeze ndi yatsopano. Mukapeza timawasha topyapyala pamwamba pa bushi yakale, musataye. Ndi mashimu amene adaikidwa kuti bodi ikhale mowongoka, abwerere pamalo omwewo. Mapikapu ena akuluakulu ali ndi mabushi okhala ndi madzi m'kati kumbuyo kwa kebini. Amenewo akatha amadontha, ndipo mukaika olimba m'malo mwake kebini imagwedezeka pa liwiro.

ChitsuloChamoto
Bushi ikatuluka musathamangire kuika yatsopano. Palani bulaketi ya pa chasisi ndi burashi yawaya mpaka chitsulo chioneke. Madzi ndi matope amakhala pansi pa rabala zaka zambiri, bowo la bulaketi limadyeka n'kukula. Gogodani ndi hamala yaing'ono. Ngati bowo lakula moti bushi ikugwedera kapena ikufuna kulowa, bushi yatsopano siithandiza. Dulani chitsulo cha mamilimita 4 kapena 5, boolani bowo lofanana ndi khosi la bushi, dulani chodyekacho muwotcherere chatsopano. Mukachisanjika pamwamba pa chakale, bushiyo ikwera ndi mamilimita omwewo, ndiye chitaninso chimodzimodzi mbali inayo kapena chotsani shimu. Powotcherera batire ikhale yochotsa, waya wa earth wa makina ukhale pafupi ndi pamene mukuwotcha, mapaipi a mafuta ndi a buleki atchingidwe. Mukamaliza pakani penti yoletsa dzimbiri, iume, kenako bushi.

Dzimbiri_Ayi
Mabawuti atsopano. Musabwezere akale. Bawuti ya pamenepa imadyeka pakati, m'kati mwa kapaipi, mutu uli bwinobwino. Ya mamilimita 12 mumaipeza yatsala ngati 8. Werengani nambala pamutu, 8.8 kapena 10.9, mugule yofanana kapena yoposa, kutalika komweko, mazinga omwewo. Pali bawuti ya mamilimita 12 (M12) ya mazinga a 1.25, ya 1.5 ndi ya 1.75, ndipo mukasokoneza mumapha nati ya m'kakhola. Bawuti yaitali kwambiri imagunda lata lapamwamba isanamange.

Sipanala17
Pa mazinga apake chiyani? Ine ndimati anti-seize, girizi woletsa bawuti kumatirira, kuti wodzamasula mtsogolo asavutike.

Dzimbiri_Ayi
Anti-seize pa thunthu la bawuti, pamene limadutsa m'kapaipi. Pa mazinga guluu wabuluu womanga mazinga. Mukapaka anti-seize pa mazinga n'kumanga pa torque (muyezo wa mphamvu yomangira) ya m'buku, bawuti imakokeka kuposa muyezo chifukwa ikuterera. Ziwirizi zisasakanikirane pa mazinga, guluu sagwira pa mafuta.

Kadzidzi88
Torque yake ndi ingati?

MakanikoWakale
Tengani m'buku la galimoto yanu, chifukwa imasiyana kwambiri, ngakhale pa galimoto imodzi mabushi akutsogolo ndi akumbuyo akhoza kusiyana. Musatenge nambala ya pa tchati cha mabawuti wamba. Chimene chimaimitsa kumanga ndi kapaipi ka pakati kaja. Bawuti imamanga mpaka mawasha agunde kapaipiko, rabala n'kufinyika pa muyezo wake. Mukaiwala kapaipi kapena kakafupika ndi dzimbiri, mumafinya rabala mpaka atuluke m'mbali.

Dongosolo lake ndi ili. Mbali yoyamba ikatha, tsitsani bodi pang'ono, lowetsani mabawuti onse ndi dzanja bodi isanakhale kwathunthu, maulendo anayi kapena asanu. Bowo likapanda kulunjika, lilunjikitseni ndi chitsulo chosongoka, osakakamiza bawuti. Tsitsani, pitani mbali inayo, chitani chimodzimodzi. Zonse zikalowa, bodi yakhala ndi kulemera kwake konse, onani zizindikiro za choko zija. Yezani mpata wa pakati pa kebini ndi chibokosi kumanja ndi kumanzere, ufanane. Ngati bodi yasuntha, ikankheni ndi chitsulo chachitali mabawuti akadali omasuka. Tsegulani ndi kutseka zitseko zonse ndi boneti. Mukakhutira, mangani ndi torque wrench kuyambira apakati kupita kumapeto, mosinthanasintha mbali, maulendo awiri, koyamba theka kenako yonse. Bwezani chivundikiro cha fani, zungulitsani fani ndi dzanja muone kuti siikukhula, pondani buleki musanalize injini, zungulitsani chiwongolero mbali zonse mumve ngati sichikugwira. Mukayenda makilomita 500 mpaka 800 yesaninso mabawuti onse, chifukwa mabushi atsopano amakhazikika.

Kadzidzi88
Abale, ndayamba lero nditapopera masiku anayi. Mabawuti 7 amasuka bwino. Yachisanu ndi chitatu, ya pansi pa mpando wakumbuyo pamene pamalira paja, inamasuka maulendo awiri kenako yayamba kungozungulira, siikutuluka, siikumanga. Nati yake siioneka. Bodi sindinakweze.

ImpactBasi
Kakhola katseguka. Yesani kaye ichi. Kwezani bodi pang'ono ndi jeke pafupi ndi bushiyo, kapena lowetsani chitsulo pansi pa washa mukanikizire bawuti pansi, kuti nati ikanirire pa lata. Muli chikanikizire, masulani. Apa ndi pamene impact imathandizadi, kugunda kwake kwachangu kumatha kumasula nati isanazungulire.

Sipanala17
Apo ndikuvomera. Kakhola kapita kale, palibe chotaya.

ChitsuloChamoto
Zikakanika, musalimbane nayo tsiku lonse. Chotsani mpando wakumbuyo ndi kapeti. Pezani pamene pali nati poyeza kuchokera pa chinthu chooneka mbali zonse ziwiri, monga bawuti ya mpando kapena mzere wa lata. Boolani kabowo ka mamilimita 3 kuti mutsimikize, kenako bowo la mamilimita 40 mpaka 50 ndi hole saw, sowo yozungulira yoboolera, mutaona kaye kuti pansi pake palibe waya. Mukaiona natiyo, pindani kapena dulani zotsala za kakhola, igwireni ndi vise grip, pulayala yokhoma, poperani mafuta pa mazinga mwachindunji, wina amasule pansi. Ikakana, dulani bawuti ndi sowo yamagetsi pakati pa bodi ndi bushi yapamwamba, chidutswa chapamwamba chitulukire pa bowo lija. Dulani podutsa pa rabala pang'onopang'ono, amatulutsa utsi ndipo amamata mpeni, ndiye khalani ndi mipeni iwiri kapena itatu.

Pobwezera muli ndi njira ziwiri. Mukhoza kuwotcherera nati yatsopano pa kachitsulo kochindikala n'kukalowetsa pa bowolo, kapena kungoika nati ya flange ndi washa wamkulu wochindikala n'kumaigwira ndi soketi kuchokera pamwamba. Yachiwiriyi ndi yabwino chifukwa nati imakhala ndi mpata wosuntha polunjikitsa bodi, monga momwe ya m'kakhola inkachitira. Mukaiwotcherera pa bodi penipeni musanalunjikitse, bawuti ikhoza kukana kulowa. Pakani penti m'mphepete mwa bowo, tsekani ndi chivundikiro cha rabala cha saizi yake ndi sealant, kuti madzi ndi utsi wa ekizozi zisalowe m'kebini.

Mayi_Dizilo
Mukatsegula bowolo yang'anitsitsani lata limene nati imakhalirapo. Poti phokoso linali pamenepo, bodi yakhala ikumenya pa malo amenewo nthawi yaitali, lata likhoza kukhala long'aluka kuzungulira bowo la bawuti. Ngati lang'aluka, liwotcherereni ndi chigamba cha mamilimita 2 kapena 3 bushi isanalowe.

Kadzidzi88
Njira ya jeke yakanika, ndaboola. Nati ndaigwira ndi vise grip, bawuti yatuluka, pakati pake yatsala yopyapyala ngati pensulo. Lata lili ndi mng'alu umodzi wa masentimita awiri kuchokera pa bowo. Ndiwotcherere mng'alu wokhawo kapena chigamba ndithu?

ChitsuloChamoto
Zonse ziwiri. Boolani kabowo ka mamilimita 3 kumapeto kwenikweni kwa mng'alu kuti usapitirire, palani mpaka chitsulo choyera, wotchererani mng'aluwo pang'onopang'ono modumphadumpha kuti lata lisapindike, lisalazeni mbali yokhudza bushi. Chigamba chikhale pamwamba, mbali ya nati, chopitirira mng'alu ndi masentimita awiri mbali zonse. Mukachiika pansi musintha kutalika kwa bushi. Bushi yakale ichoke kaye musanayatse makina, ndipo bawuti ya pamenepo muiyeze ngati ikufikabe kudutsa nati ndi mazinga awiri kapena atatu chigamba chitawonjezeka.